Kodi kuba kumayenda m'magazi? Yankho kwa mayi a ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Ngabu. Akuti anabwereka foni ya mwana wawo wamkazi n'kulemba usiku anthu onse atagona. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo, ndipo sinditchula. Kalatayo inali yaitali, ndaidula, koma mawuwa ndi awo:

"Aphunzitsi, ndikulera anyamata awiri. Wina ndi wanga, wina ndi wa malemu mng'ono wanga. Onse ali ndi zaka 13, amangosiyana miyezi. Wa malemuyu anabwera kwathu mu 2022, madzi a namondwe wa Ana atagwetsa nyumba yawo ku East Bank, mayi ake n'kumwalira chaka chomwecho. Bambo ake anali chidakwa, anamangidwapo chifukwa cha mbuzi za eni, kenako analowera ku Mozambique osabweranso. Anawa amadya mbale imodzi, amagona mphasa imodzi, sukulu imodzi, tchalitchi chimodzi. Wanga ndi wofatsa. Koma wa malemuyu ndi wakuba, wabodza, ndipo akapsa mtima amaswa chilichonse. Mwezi watha anatenga K5,000 ya mbatata. Ndamenya, ndapemphera, ndatopa. Achibale akuti ndi magazi a bambo ake, ndimupititse kuchimuna asanandiwonongere wanga. Kodi n'zoona kuti khalidwe munthu amabadwa nalo? Ngati n'choncho, ndikuvutikiranji?"

Mayi, choyamba pepani, ndiponso zikomo. Kulera mwana wamasiye masiku ano si masewera, ndipo K5,000 ya mbatata thukuta lake ndikulidziwa: kulima kudimba, kukumba, kusenza kapena kulipira wakabaza, kenako kukhala padzuwa la ku Ngabu tsiku lonse mpaka mutu kuwawa. Ndiye musaganize kuti nkhaniyi ndikuipeputsa.

Yankho lalifupi ndi ili: magazi alipo ndithu, ndipo amene angakuuzeni kuti mwana amabadwa wopanda kalikonse mumtima akukunamizani. Koma chimene chimayenda m'magazimo si kuba. Yankho lalitali ndi limene likubwerali, ndipo mundipirire, aphunzitsi opuma ntchito sitidziwa kufupikitsa nkhani.

Pali chinthu chimene chimandiseketsa m'chigwa chathu chino cha Shire. Ife Amang'anja timati mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni. Anzathu Asena amati bambo akalowola, ana ndi a kuchimuna. Takhala moyandikana kuyambira kalekale, takwatirana, tatsutsana, koma pa nkhani imodzi timagwirizana popanda kuitanirana bwalo. Mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwa kupita kusekondale, nzeruzo ndi za kwathu. Akagwidwa ndi nkhuku ya eni, amenewo ndi magazi a uko kunachokera winayo. Ndakhala zaka zonsezi sindinamvepo agogo akunena kuti, "Mdzukulu wangayu bodza anatengera ine." Ndiye achibale akamakamba za magazi, muzimvetsera ndi khutu limodzi. Nthawi zambiri sakufotokoza za mwanayo, akungosamba m'manja.

Komabe funso lanu ndi lenileni, ndipo anthu ena analifufuza mwakhama. Kafukufuku amene amayandikira kwambiri nkhani yanu anachitika ku Denmark, dziko limene limasunga kaundula wa pafupifupi chilichonse. Sarnoff Mednick ndi anzake anatenga mayina a ana oposa 14,000 amene anaperekedwa kwa makolo ena kuti awalere pakati pa 1924 ndi 1947, n'kuyang'ana m'mabuku a makhoti kuti aone amene anadzapezeka olakwa atakula. Zotsatira zake zinatuluka mu 1984. Mwa anyamata amene makolo owabereka ndi owalera omwe analibe mlandu, pafupifupi 14 pa 100 alionse anadzagamulidwapo kuti ndi olakwa. Kwa amene kholo lowabereka linali ndi mlandu koma owalera alibe, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 20. Kumene mbali zonse ziwiri kunali milandu, chinayandikira 25.

Achibale anu akafika pamenepa aomba m'manja, "Si zimenezo!" Eya, 20 ndi wamkulu kuposa 14, sindikana. Koma tawerengani otsalawo. Pa anyamata 100 obadwa kwa kholo lamilandu n'kuleredwa kwina, 80 anakula mpaka ndevu osapezeka ndi mlandu uliwonse. Nanga 14 aja, ana a anthu olungama oleredwa ndi anthu olungama, magazi awo oipa anawatenga kuti?

Ofufuza za mapasa, monga a ku Minnesota ku America amene anayamba mu 1979 kusonkhanitsa mapasa ofanana oleredwa m'makomo osiyana, amafika pamalo omwewa: pa kusiyana kwa mitima ya anthu, theka kapena kucheperapo ndi kumene kumachokera ku zobadwa nazo. Kwinako ndi moyo umene munthu wadutsamo. Pa Chingerezi tizinthu timene timanyamula zobadwa nazozi amati genes, ndipo ena polemba Chichewa amati majini, koma ine mawu amenewo ndimawapewa, chifukwa kuno ukangonena kuti mwana ali ndi majini a bambo ake, mawa lake upeza amutengera kale kwa asing'anga.

Nanga chimene mwana amabadwa nachocho n'chiyani? Jerome Kagan wa ku yunivesite ya Harvard ankatenga makanda a miyezi 4, n'kumawagwedezera zidole zamawangamawanga pamaso ndi kuwamvetsera mawu achilendo. Khanda limodzi pa asanu alionse linkaphiriphitha, kupinda msana n'kulira. Awiri pa asanu ankangoyang'ana phee. Atawatsatira pamene ankakula, anapeza kuti olira aja ndi amene kawirikawiri ankakhala amanyazi ndi oopa zachilendo, ngakhale kuti ambiri anadzakhazikika pakatikati. Izi mayi aliyense amene anabereka ana oposa mmodzi amazidziwa popanda kupita ku Harvard. Wina ukamubereka kumbuyo agona mpaka umalize kusinja mapira, wina ntchentche ikangomutera ndiye mudzi wonse umva.

Chimenechi ndicho ndimachitcha chibadwa: kupsa mtima msanga kapena mochedwa, mantha kapena kusaopa, kukonda gulu kapena kukhala pawekha, kutha kudikira kapena kufuna zapompopompo. Khalidwe ndi nkhani ina. Khalidwe ndi zimene munthu wazolowera kuchita ndi chibadwa chakecho pakati pa anthu anzake. Mnyamata wosaopa akhoza kudzakhala wothyola makola a ng'ombe usiku. Koma ndi anyamata osaopa omwewo amene mu Januwale 2015 anakankha mabwato kulowa m'madzi olusa kukatsitsa anthu m'mitengo cha ku Makhanga m'boma la Nsanje, ife ofatsa tili chilili kumtunda, manja m'khosi. Mtima ndi womwewo, ntchito yake ndiyo yosiyana.

Ine ndinatengera mtima wapachala wa bambo anga. Iwo akakwiya ankaponya chilichonse chimene chili m'manja, kaya khasu, kaya chikho, tsiku lina wailesi. Moto womwewo ndili nawo mpaka lero mutu uli mbuu. Ndimaumva ukuyambira pakhosi, makutu n'kutentha. Sunachoke, ndipo sindikhulupirira kuti udzachoka. Chimene chinasintha n'chakuti ukangoyamba ndimatuluka n'kupita kukhola, kukawerenga mbuzi zimene ndikuzidziwa kale kuti zilipo 7. Akazi anga akaona ndikuwerenga mbuzi dzuwa lili paliwombo, amadziwa kuti nkhani ija tiimaliza madzulo. Zimenezi sindinabadwe nazo. Ndinaziphunzira mochedwa, nditaswa kale zinthu zingapo zimene sizilumikizika.

Tsopano ndifike pa mawu anu akuti anawa amadya mbale imodzi. Zoona, kwa zaka 4. Nanga zaka 9 zoyambazo anadya mbale yanji? Mnyamata amene munabereka wakula akudziwa kuti akadzuka m'mawa mulipo, akabwera kusukulu mulipo, mukati "ndikugulira nsapato tikagulitsa thonje" nsapatozo zimabweradi, ngakhale mochedwa. Winayu anaona bambo ake akubwera dzandidzandi, mwina anaona akuwamanga. Anaona nyumba ya zidina zosawotcha ikusungunuka m'madzi ngati mchere. Mwina anagonako pamsasa, m'kalasi yodzaza anthu, kudikira galimoto ya ufa imene imabwera lero, mawa zii. Kenako anaperekeza mayi ake kumanda. Zonsezi asanakwanitse zaka 10.

Pali kafukufuku wotchuka wa switi amene Walter Mischel anachita ku yunivesite ya Stanford cha m'ma 1970. Mwana amamuikira switi imodzi patebulo n'kumuuza kuti akadikira osaidya apatsidwa ziwiri. Kwa nthawi yaitali anthu ankangoti odikirawo ndi ana odziletsa, osadikirawo ndi osusuka. Koma Celeste Kidd ndi anzake a ku yunivesite ya Rochester, pa zimene anafalitsa mu 2013, anawonjezerapo kanthu kamodzi. Switi isanabwere, ankayamba alonjeza anawo zinthu zabwino zojambulira. Kwa theka la anawo lonjezolo linkakwaniritsidwa. Kwa theka linalo, wolonjezayo ankabwerera chimanjamanja n'kupepesa, kawiri konse. Ana ake anali 28 okha, koma kusiyana kwake kunali koonekeratu: amene sananamizidwe anadikira pafupifupi mphindi 12, onamizidwa aja mphindi 3 basi. Ngati kunamizidwa kawiri pa zinthu zojambulira kumasintha mwana chotere, nanga mwana amene moyo wamunamiza pa bambo, pa nyumba ndi pa mayi? Iye anaphunzira kuti chako ndi chimene chili m'dzanja lako panopa. Ndipo kumene anachokerako, phunziro limenelo silinali lopusa.

N'chifukwa chake funso loyamba limene ndikanakonda kuti mulifufuze si lakuti "anatengera ndani" koma lakuti "akatenga amapita nazo kuti". Mu 2015 sukulu imene ndinkaphunzitsa inasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Panali kamtsikana ka zaka ngati 6 kamene kakalandira phala kankamwa theka, theka linalo n'kuthira m'kajumbo ka shuga, kumanga bwinobwino n'kubisa m'malaya. Patapita miyezi, madzi ataphwa, anthu atabwerera m'makwawo, chakudya chikupezeka, aphunzitsi aakazi anakapezabe ndi mikute yochita nkhungu m'chikwama cha mabuku. Sikankaidya n'komwe. Kankangofuna kudziwa kuti ilipo.

Ndiye tsiku lina anyamatawa ali kusukulu, tafunyululani mphasa, tayang'anani m'chikwama ndi kudenga. Mukapeza chakudya kapena ndalama zosungidwa osagwiritsa ntchito, amenewo ndi mantha, ndipo mantha sachoka ndi chikoti. Mukamva kuti K5,000 ija inathera kugulira anzake zitumbuwa ndi kuwalipirira kukanema, dziwani kuti akugula malo pakati pa anzake, chifukwa sakukhulupirira kuti angamukonde chimanjamanja. Koma mukamva kuti pali wamkulu wina amene amamutuma, kapena ndalamazo zikupita ku juga, kachasu kapena chamba, imeneyo ndi ngozi ya mtundu wina ndipo siyofunika kuchedwa nayo. Zonsezi pakamwa pa achibale dzina lake ndi limodzi, kuba, koma mankhwala ake ndi osiyana.

Dzina limenelo ndilikhalirepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona mtima wanga pa nkhaniyi.

M'zaka za m'ma 1920, Hugh Hartshorne ndi Mark May anayesa ana asukulu oposa 10,000 ku America. Ankawapatsa mipata yobera mayeso, yonama pa masewera, yotenga timakobili m'bokosi akuganiza kuti palibe akuwaona. Ankayembekezera kupeza magulu awiri, ana oona mtima ndi ana achinyengo. Zimene anayamba kufalitsa mu 1928 zinaonetsa zina: oona mtima paliponse anali ochepa, achinyengo paliponse analinso ochepa. Ambiri ankabera apa osabera apo, malinga ndi malo, anthu amene ali nawo ndi chimene akuopa kutaya. Ndiye ndikufunseni: mnyamatayu amaba kulikonse? Kwa aneba? M'mbale ya chopereka? Aphunzitsi ake anadandaulapo? Mukamutuma kuchigayo, chenje amabweza? Mukapeza malo ngakhale amodzi amene manja ake ndi oyera, ndiye kuti simukulera mbava. Mukulera mwana amene amaba nthawi zina, ndipo malo oyerawo ndi poyambira panu.

M'kalata yanu yonse ija, imene owerenga sanaione yonse, mawu akuti "wanga" munawalemba kambirimbiri, ndipo nthawi zonse mumanena za mnyamata mmodzi. Winayo kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi "wa malemu". Sindikukuimbani mlandu, pakamwa pamazolowera. Koma m'chilankhulo chathu mwana wa mng'ono wanu alibe dzina lina. Ndi mwana wanu basi, ndipo inu ndinu mayi ake aakulu. Ngati ine, mlendo wowerenga pa foni, ndamva kusiyanako, iye amene amakhala nanu pakhonde tsiku ndi tsiku anakumva kalekale. Ndipo nkhani ya magazi a bambo ake musaganize kuti sanaimve. Ana amamva zonse zimene timakamba tikuganiza kuti agona.

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinyadira. Chaka china ndikuphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ku Nsanje, ndalama imene ana anasonkha inasowa patebulo langa. Sindinafufuze. M'kalasimo munali mnyamata amene aliyense ankamudziwa kuti amathyola nzimbe za eni, ndipo bambo akenso mbiri yawo inali yomweyo. Ndinamuitanira kutsogolo, ndinathyola kanthambi ka bwemba, ndinamukwapula pamaso pa anzake onse. Iye ankangobwereza mawu amodzi, "Sindinatenge, sala." Sanalire. Patatha masiku atatu ndikutsegula kaundula wa mayina, ndalama ija inagwa pansi kuchokera pakati pa masamba, mmene ndinaiika ndekha. Ndinaitola msangamsanga n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba ndine. Sindinamuuze. Ndinkati mphunzitsi akapepesa kwa mwana ulemu wake watha. Teremu yotsatira mnyamatayo sanabwerenso. Ndinamva kuti akuweta ng'ombe za munthu wina, ndipo patapita zaka ndinamva za kundende.

Sindinganene kuti ndine ndinamusandutsa mbava, nzimbe ankathyola ndisanamumenye. Koma tsiku limenelo ndinamuphunzitsa phunziro limene linalowa kuposa masamu onse amene ndinamuphunzitsapo: kuti kwa iye, kuba ndi kusaba malipiro ake ndi amodzi. Mwana akafika poona choncho, mwamuchotsera chifukwa chomaliza chokhalira wolungama.

Achibale anu akanafuna mwambi akanati madzi saiwala khwawa. Mwambiwu ndi woona, koma ife a m'chigwa tiyenera kuudziwa bwino kuposa anzathu a kumapiri. Khwawa silibadwa lili khwawa. Limakumbidwa ndi madzi omwewo, mvula ino ndi ya chaka chamawa, mpaka pamene panali kanjira ka mbuzi pamasanduka phompho. Chizolowezi chimakumbikanso chimodzimodzi: kunama koyamba kumavuta, kwachikhumi kumangotuluka kokha. Ndipo tinaona ndi maso athu mtsinje wa Ruo ukusiya njira yake mu 2015 n'kudzing'ambira ina, anthu a ku Makhanga n'kutsala pachilumba. Mtsinje waukulu ngati umenewo unasintha njira. Khwawa la mwana wa zaka 13 likadali losaya.

Palinso nkhani ya msinkhu. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imagwira munthu dzanja kuti "taima kaye, taganiza za mawa", ndi imene imamaliza kukhwima mochedwa, cha m'ma zaka 25. Pamene mbali imene imalakalaka zosangalatsa ndi kutamidwa ndi anzako imayaka moto mwana akangotha msinkhu. Mnyamata wa zaka 13 ali ngati njinga yonyamula katundu ikutsika zitunda za ku Thabwa, mabuleki ake ndi patapata wopondetsa patayala. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri milandu imachuluka pakati pa anyamata osafika zaka 20, kenako n'kumatsika akamakula, akapeza ntchito, akakwatira, akakhala ndi chinthu choopa kuchitaya.

Kafukufuku amene ndimamukonda pa onse ndi wa Emmy Werner. Iye ndi anzake anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii, kuyambira ali makanda mpaka atakwanitsa zaka 40. Pafupifupi mwana mmodzi pa atatu alionse anabadwira m'mavuto enieni: umphawi, uchidakwa, makolo odwala maganizo, mabanja osweka. Mwa amenewa, mmodzi pa atatu anakula bwinobwino osagwa m'mavuto, ndipo ambiri mwa amene anasokonekera ali achinyamata anadzakhazikika atafika zaka za m'ma 30. Werner atafufuza chimene chinawapulumutsa, zinthu ziwiri zinkabwerabwera. China chinali munthu wamkulu mmodzi amene sanawataye, ndipo nthawi zambiri sanali kholo lowabereka koma agogo, azakhali, mphunzitsi kapena mnansi. China chinali kupatsidwa udindo weniweni, kukhala munthu amene ena akumudalira.

Munafunsa kuti mukuvutikiranji. Pa moyo wa mnyamatayu, munthu wamkulu mmodzi uja ndinu. Wina sindikumuona m'kalata yanu.

Ndiye za kumupititsa kuchimuna, ine ndikuti ayi, osati chaka chino, ndipo osati ngati chilango. Ngati kwa bambo akeko kuli agogo kapena azakhali amene amamukonda, azipitako patchuthi, ndi abale ake ndipo ndi bwino aziwadziwa. Koma kumulongedzera kajumbo chifukwa cha K5,000 ndi kumuuza kachinayi chimene bambo ake, madzi ndi manda zinamuuza kale, kuti palibe chokhalitsa. Ana otere nthawi zina amachita kuyesa dala: amakoka chingwe kuti aone ngati nanunso muduka.

Za ndalamayo, abweze. Apa musanyengerere. Khalani pansi ndi atsibweni ake, mugwirizane kuti ganyu wa masiku angati kudimba akwana K5,000, agwire mpaka ithe. Ikatha, mlandu watha, ndipo usadzatchulidwenso ngakhale tsiku limene adzakukwiyitseni. Ife akuluakulu timakonda kusunga milandu ya ana ngati mbewu, n'kumaifesa chaka chilichonse. Za chikoti sindinena zambiri, mwayankha nokha: mwamenya ndipo sizinathe. Chikoti chimaphunzitsa kusagwidwa, ndipo bodza limene mukudandaula nalo mbali ina ndi mwana wa chikoti chomwecho. Tsiku limene adzavomere yekha kuti watenga, chilango chake chichepe moonekeratu, kuti aone kuti zoona zili ndi phindu. Ndalama musamaisiye poyera pofuna kumuyesa. Ndipo lonjezo lililonse limene mwamupatsa, ngakhale la sopo, likwaniritseni kapena mufotokozereni chifukwa chake lalephereka.

Akapsa mtima, nthawi imeneyo si yophunzitsa. Mutu ukatentha makutu amatseka, ine ndine mboni. Mupezereni kopita ndi chochita, kaya kukatunga madzi kumjigo, kaya kuwaza nkhuni, nkhani muikambe mtima utatsika. Chimene waswa akonze kapena alipe ndi ntchito.

Chinthu china chimene chingakuvuteni kuposa zonsezi: mupezereni chabwino chimodzi cha bambo ake. Mng'ono wanu sanakwatiwe ndi chilombo, panali chimene anaonapo. Mwina munthuyo ankadziwa kupalasa bwato, mwina kusoka ukonde, mwina ankaseketsa anthu pamaliro. Mwana amadziwa kuti theka la thupi lake ndi bambo ake, ndipo ngati chokhacho chimene wamva n'chakuti bamboyo anali mbava ndi chidakwa, adzavala malaya omwewo chifukwa ena sanawaone. Tsiku lina mungonena mukusenda mbatata, osamuyang'ana n'komwe, kuti "mapewa akowa ndi a bambo ako, pabwato panalibe wowaposa". Ngati si zoona musanene. Fufuzani mpaka mupeze choona.

Mantha anu a mnyamata winayo ndikuwamvetsa, nsomba ikawola imodzi zonse zimawola. Koma muyang'anitsitsenso mbali imeneyo. Kufatsa nakonso ndi chibadwa chabe, si umboni wa khalidwe. M'nyumba imene muli mbava yodziwika, wofatsa amadya bwino, chifukwa shuga akasowa palibe amene amamufunsa. Sindikunena kuti wanu amatero. Ndikungokumbukira kaundula wanga uja. Ndipo dziwani kuti iyenso akuphunzira pa nkhaniyi: akuona zimene mayi ake amachita ndi munthu amene wavuta kumukonda.

Sindikulonjezani kuti zonse ziyenda. Alipo ana amene anthu anawachitira zonse koma osabwerera. Mukaona kuti akuzunza ziweto mosangalala, akuyatsa moto dala, akupweteka ana aang'ono popanda chisoni, kapena mbali inayi, akulota zoopsa, akukodza pogona, akunjenjemera mvula ikayamba kugunda, musalimbane nazo nokha. Kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Chikwawa kuli ogwira ntchito yoteteza ana, kuchipatala kuli anamwino oona za maganizo, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere.

Chomaliza ndi mbuzi. Ngati muli nayo yaikazi, kapena atsibweni ake angathandize, mupatseni ikhale yake yeniyeni, pamaso pa anthu, kuti wina asadzaigulitse fetereza akadula. Aidyetse, aimwetse, aitsekere madzulo, ikalowa m'munda wa eni akayankhe yekha. Ndikudziwa kuti achibale aseka, mwana wa wakuba mbuzi kumusungitsa mbuzi. Asiyeni aseke. Ikadzabereka, kamwana koyamba agulitse kapena asunge, zili kwa iye. Winayonso mumupatse yake tsiku lomwelo kuti pasabuke mlandu wina. Mvula ikadzatha mundilemberenso, mundiuze zimene munapeza pansi pa mphasa.